Mayi Wochapa pa Mpopi Wathu

Madzulo amenewo tinadya nyemba zam'chitini ndi soseji, titakhala pamipando yopinda kunja kwa galimoto yathu yogonamo. Kunkazizira, koma kuzizira kwa ku Arizona ndi masewera kwa ife obadwira ku North Dakota. Mwamuna wanga Merle anangovala kamalaya kopyapyala, akudzitama kuti kwathu nthawi ngati imeneyo anthu akufukula zitseko zawo m'chipale chofewa.

Tinalipo ine Verna, Merle, mlongo wake Ardis, ndi mwamuna wa Ardis, Lyle, munthu amene mawu ake amachita kuwaumira. Tsiku lonse tinaswera kudambo kuonera mbalame zija zotuwa, zamiyendo italiitali, zimene zimathawa chisanu kumpoto ngati ife tomwe. Tinapangana zodzuka kusanache kuti tikazione zikunyamuka zonse pamodzi.

Malo olipira aja, kumene magalimoto amathithikana mpaka kumva mnzako akutsokomola, ife sitinkawafuna. Tinkagona m'chipululu, kopanda mpopi, kopanda magetsi, kopanda potayira zonyansa. Madzi amene wabwera nawo ndi omwewo. Za kuchimbudzi zimakhala m'thanki yakuda ya pansi pa galimoto, ndipo umayenda nazo mpaka ukafike m'tauni pamalo ake okhuthulira. Lamulo limeneli aliyense amalidziwa, koma mlaliki wake wamkulu anali Merle. Chaka china anakalipira bambo wina wa ku Texas pamaso pa anthu chifukwa chotaya madzi otsukira mbale patsinde pa mtengo, mpaka bamboyo anasamuka usiku womwewo.

Koma ulendo wa chaka chimenechi unali ndi minga yake. Merle anali atayamba kuiwala tinthu. Magalasi mufiriji, dzina la munthu amene wangomupatsa moni. Ine ndinkati ndi ukalamba chabe, nanga ine sindiiwala? Mwana wathu Renae sankaona choncho. Tisananyamuke ananena mosapsatira: "Adadi akangolakwitsa chinthu chimodzi ulendo uno, makiyi ndikutenga. Mudzakhala kwa ine, m'chipinda chapansi." Ndipo maso ake anawasiya kwa Ardis, amene foni siichoka m'manja mwake.

Merle anayendetsa galimoto yokankha chipale m'misewu moyo wake wonse, osagundapo ngakhale galu. Nyumba tinali titagulitsa kuti tigule yoyendayi. Kumulanda makiyi kunali kumulanda zonse, ndipo ine ndinkaopa zimenezo kuposa imfa yanga yomwe.

"Merle, unakhuthula thanki m'tauni muja?" anafunsa Ardis, akutokosa m'mano.

"Ukundifunsa ine zimenezo? Ndinayamba kukhuthula mathanki iwe usanadziwe kuti galimoto imamwa chiyani."

"Ndangofunsa, nkhalamba iwe. Dzulo unandiitana dzina la galu wanga."

"Mumafanana kauwidwe."

Lyle anaseka mpaka khofi kumutulukira m'mphuno. Nanenso ndinaseka. M'tauni muja ine ndinalowa m'sitolo kukagula buledi, n'kumusiya Merle kuti achite za thankizo. Ndinalibe chifukwa chokayikira.

Pamalo amene tinagona usikuwo tinafika kuli chisisira. M'chipululu sugona pafupi ndi mnzako, ngakhale akhale m'bale wako, umamusiyira mpata woti apume. Ardis ndi Lyle anaima kutali, m'munsi mwa kaphiri, pafupi ndi mabwinja a mgodi wakale. Merle anaona malo osalala kuseri kwa mpanda wa waya umene unali utagwa kalekale, n'kulowetsa galimoto pamenepo. Atatha kudya, alendo athuwo anayatsa tochi n'kubwerera kwawo. Tinaonerera kakuwala kawo kakucheperachepera mpaka kuzimiririka.

Ndisanagone ndinalowa m'chimbudzi. Nditaponda chotsegulira, madzi anabwibwita n'kubwerera m'mwamba. Aliyense wogona m'galimoto amadziwa tanthauzo lake.

"Merle, thanki yadzaza."

"Ndi mpweya chabe. Gona."

"Ndati yadzaza."

"Verna, gona."

Ndinagona. Ndinali nditatopa ndi dzuwa la kudambo.

Pakati pa usiku ndinamumva akulowa m'mabulangete. Mapazi ake anali ozizira ngati chitsulo. Manja ake ankanunkha sopo, sopo wambiri. Ndinaganiza kuti amachokera panja kukaona nyenyezi, poti ankatero nthawi zina. Tulo tinanditenganso.

Chinandidzutsa kachiwiri ndi pampu.

Pampu yathu ya madzi ili pansi pa bedi. Siilira yokha. Imalira pokhapokha wina akatsegula mpopi. Inalira pang'ono, n'kusiya. Inaliranso, n'kusiya.

Ndinatambasula dzanja. Merle anali pambali panga.

Ndinadzuka n'kuona mpopi wa kukhitchini. Wotseka. Wa kubafa, wotseka. Pampu inaliranso ine nditaimirira pakati pa galimoto. Ndipamene ndinakumbukira kampopi kapanja, kam'nthiti mwa galimoto, kotsukira mapazi ndi nsapato. Kamakhala m'kabokosi kokiya, ndipo kiyi wake ndinkamuona ali lende pamsomali pafupi ndi chitseko.

Choyamba kubwera sichinali mantha. Unali mkwiyo. Madzi m'chipululu timasamba ndi kapu, ndiye wina azingowathira pansi? Kenako ndinaganiza za anthu aja odutsa malire wapansi usiku, amene nthawi zina timawasiyira zigubu za madzi m'mbali mwa njira. Ndinati mwina ndi waludzu, amwe. Ndinagwira katani.

"Usatsegule," anatero Merle.

Mawu ake sanali a munthu wodzuka kumene. Anali maso nthawi yonseyi.

Ndinatsegula.

Kunali mwezi. Pansi ponse panali mbuu ndi chisanu. Pansi pa zenera penipeni panaima mayi wamfupi, atawerama. Anavala diresi loyera lofika kumapazi, ndi shawelo kumutu. Analibe nsapato. Anagwira m'munsi mwa diresilo ndi manja onse, akulipikicha pampopi. Ankatseka madzi, kufinya, kuliyang'anitsitsa pamwezi, kenako n'kutsegulanso.

Sankafulumira. Ankachapa ngati munthu wodziwa kuchapa.

Diresilo linali loyera m'mapewa mokha. Kuyambira pachifuwa kutsika linali lakuda bii, lonyowa, lomatirira kuthupi. Kuzizira kwake kunali koti ine m'kati momwemo mpweya wanga unkaoneka ngati utsi. Pakamwa pa mayiyo sipankatuluka kanthu.

Kenako fungo linandipeza. Linalowera m'mphepete mwa zenera. Ndinalidziwa fungolo. Linali lathu.

Ndinasiya katani. Ndinakhala pansi pomwepo.

"Merle, ndani ameneyu?"

"Sindikumudziwa."

"Wachita chiyani?"

Pampu inalira, n'kusiya.

"Ndinaiwala, Verna." Ankanong'ona. "M'tauni muja ndinathira mafuta, ndinapopa matayala, thanki ndinaiwala. Ndakumbukira Ardis atafunsa. Tikanabwerera m'tauni mawa, akanadziwa. Akanaimba foni tisanafike n'komwe pamsewu wa tala."

"Ndiye?"

"Kuseri kuno kuli kadzenje. Ndinati nthaka imwa, kukamacha ndikwirira ndi mchenga. Paipi yokhuthulira ndatsuka, ndaika m'malo mwake. Palibe akanadziwa."

"Iwe? Iweyo Merle?"

Ine nkhope inatentha mumdima momwemo, ngati kuti anthu onse amene anawalalikirapo aima mozungulira bedi lathu. Ndinali ndi mawu ambiri oti ndimulalatire, koma pampu inasintha kaliridwe. Inayamba kulira mouma, mokoka, osasiya. Madzi athu onse anali atatha.

Merle anapapasa pakhoma n'kuizimitsa.

Kunja kunangoti zii.

Sindinamve mapazi. Pansi pa chisanu chotero ngakhale kambewa kamamveka, koma sindinamve kanthu. Ndinangomva kugogoda pachitseko. Kunali kofewa, kwa chikhatho chonyowa, cha m'munsi mwa chitseko.

Tinagwirana manja.

Kugogodanso.

"Madzi atha."

Sindidziwa kuti analankhula chilankhulo chanji, koma ndinamva. Mawu ake sanali aukali. Anali a munthu wodandaula mwaulemu, ngati mnansi wobwera kudzapempha mchere. Akanakuwa kapena kutukwana, mwina zikanapepukako.

"Sindinayere," anatero.

Merle anasiya dzanja langa. Anadzuka, atavala zogonera zake zazitali zija, n'kutsegula kabati. Anatulutsa poto wathu wamkulu, wophikira nyemba.

"Ukupita kuti? Merle, usatsegule!"

"Ndi zanga," anatero. "Ndikatenge."

Anatsegula chitseko. Pakhomo panalibe munthu. Pachitseko panali chidindo cha dzanja, chakuda, chikuchucha.

Ndinavala jekete, ndinanyamula lake ndi tochi, n'kumutsatira. Thupi lonse linali tsemwe, koma kutsala ndekha m'galimoto kunali koopsa kuposa kutuluka. Tinazungulira kuseri.

Dzenje lija linali pomwepo, pafupi ndi tayala lakumbuyo. Ndinaliunika. Silinali dzenje lokumbidwa ndi mvula. Linali lalitali, lopapatiza, lolowa pakati. Utali wake unali wa munthu. Kumutu kwake, pansi pa chitsamba chaminga, panagona timatabwa tiwiri tokhomedwa mopingasa, totuwa ndi dzuwa.

Ndinayendetsa tochi. Pambali pake panali lina. Kutsogolo kwake lina. Anali m'mizere. Galimoto yathu inali itaima pakati pa manda.

Mayi uja anali ataima kumutu kwa dzenjelo, manja atagwira diresi. Shawelo inaphimba nkhope yake. Sanatiyang'ane. Ankayang'ana pansi, pamene panali zinthu zathu.

Merle anagwada n'kuyamba kutunga.

Sanakataye kutchire. Poto akadzaza ankanyamuka naye, kukwera masitepe, kudutsa pakapeti wanga, n'kukathira m'chimbudzi momwe zinachokera. Kenako ankabwerera. Ndinayesa kumuveka jekete.

"Ndilidetsa," anatero, n'kuligwetsa.

"Ufa ndi chibayo."

"Unika apa."

Ndinaunika. Zambiri nthaka inali itamwa kale. Poto atasiya kutunga, anayamba kupala matope ndi chivundikiro chake. Chivundikiro chitapindika, anayamba ndi manja. Matopewo ankauma ndi chisanu, zala zake zinang'ambika. Sanadandaule. Ankangoti akadzaza poto, n'kukweza maso pang'ono kuyang'ana mapazi a mayi uja, ngati kufunsa ngati zakwana. Mapaziwo sanasunthe.

Tochi inayamba kufiira, kenako inazima. Tinatsala ndi mwezi, nawo n'kulowa kuseri kwa kaphiri. Mumdimamo ndinkangomva kupuma kwa Merle, kukwecha kwa zala zake, ndi kudontha kwa diresi. Ndinapemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, ena kuwasakaniza.

Kum'mawa kutayamba kuyera, mbalame zija zinayamba kulira kutali kudambo. Ndinatembenuka pang'ono kumvetsera. Pobweza maso, kumutu kwa dzenje kunalibe munthu.

"Wapita, Merle. Tiye m'nyumba, msanga, ndikusambitse."

Ndinaiwala kuti tinalibe ndi dontho lomwe.

"Sizinathe," anatero, osadzuka.

Ndinamukoka mkono. Anali wolemera ngati thumba la simenti. Ndili mkati momukoka, ndinamva injini. Kagalimoto kotha, kotsegula kumbuyo, kankabwera pang'onopang'ono m'njira ya miyala. Mbali inayi, Ardis ndi Lyle ankabwera wapansi atanyamula fulasiki ya khofi, kudzatitenga kuti tipite kudambo. Onse anafika nthawi imodzi. Ndikanakonda nthaka ikanatseguka n'kundimeza, koma nthaka ya pamenepo tinali titaichimwira kale.

M'kagalimotomo munatsika bambo wamkulu thupi, wa imvi m'masharubu, n'kukatsitsa mayi wokalamba kwambiri, woyenda ndi ndodo. Mayiyo ananyamula maluwa apulasitiki. Kumbuyo kunali tsache, ndowa ya laimu ndi zigubu za madzi. Pambuyo pake ndinamva kuti anali mayi Ofelia Quiroz ndi mwana wawo Ramiro, ndipo tsikulo linali lokumbukira imfa ya amayi awo a mayi Ofelia.

Anaima. Anaona galimoto yathu pakati pa manda. Anaona mwamuna wanga atagwada m'dzenje, atavala zogonera, zonyansa mpaka m'zigongono, poto ali pambali. Fungo linanena zotsala.

"Mukuchita chiyani pamanda a agogo anga?" anakuwa Ramiro. "Kodi ndinu anthu kapena nkhumba?"

Fulasiki inagwa m'manja mwa Ardis.

"Mulungu wanga, Merle!" Anathamangira kwa alendowo, manja ali m'mwamba. "Pepani, pepani anthuni. Mlongo wangayu mutu wake sukuyenda bwino. Sadziwa chimene akuchita. Ndakhala ndikunena ine, palibe amandimva." Dzanja lake linali kale m'thumba, kufuna foni.

Ramiro anatsitsa mapewa. Nkhope yake inayamba kufewa. Ndinaona kuti nkhani ikutha mosavuta, ndipo ikutha ndi makiyi.

"Ardis, bweza foniyo!" ndinakuwa. "Merle sanasokonezeke mutu!"

"Mlamu, tamuona wekha."

"Ndamuona usiku wonse. Akudziwa zonse zimene akuchita."

Ndinanena zonse. Thanki imene anaiwala, monga aliyense angaiwalire. Mantha ake ndi Renae. Dzenje limene analiona mumdima, osadziwa kuti ndi manda. Ndinatsegula kabokosi n'kuwaonetsa paipi, yotsukidwa, yokulungidwa bwinobwino. "Wamisala amatsuka paipi? Wamisala amadikira mkazi wake agone?" Ndinkatuluka thukuta m'chisanu chonsecho. Mawu aliwonse otsimikiza kuti mutu wake ndi wabwino ankatsimikizanso kuti anachita dala, ndipo ndinkawamva akutuluka pakamwa panga. Ndinanenanso za mayi wa pampopi, diresi lake, ndi zimene ananena pachitseko.

"Nawenso wayamba," anatero Ardis motsitsa mawu. Lyle anavula chipewa n'kumayang'ana m'kati mwake.

Mayi Ofelia anayenda ndi ndodo yawo mpaka pampopi wapanja. Pansi pake panali thamanda la madzi oundana, lotuwa. Analiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ananso dzanja lija pachitseko.

"Anali wamfupi?" anandifunsa.

"Eya, mayi."

"Amayi ankachapira anthu a mumgodi. Diresi loti tidzawaike nalo anachapa okha, kusita okha, n'kulisunga m'bokosi. Ankati sakufuna kukafika kumeneko ndi banga." Anadzilemba chizindikiro cha mtanda. "Anakalipa?"

"Ayi. Anangoti sanayere."

Anagwedeza mutu. Kenako anatembenukira kwa Merle, amene anali chigwadire, maso ali pansi. Anafika pafupi kwambiri, osatseka mphuno.

"Bambo," anatero, "mkazi wanu akuti munachita mukudziwa. Mlongo wanu akuti simudziwa. Ine ndikufuna ndimve kwa inu."

Ndinkamuyang'ana Merle, mumtima ndikuti nena, nkhalamba iwe, vomera, upepese, manyazi sapha. Tidzakwirira, tidzalipira, tidzathawira ku Utah kumene sakutidziwa, koma makiyi adzakhala m'thumba mwako.

Anakweza mutu. Anayang'ana maluwa apulasitiki aja. Anayang'ana nkhope ya mayiyo. Maso ake anali bwinobwino, ndimawadziwa ine maso amenewo.

"Sindikudziwa kuti ndili kuti," anatero. "Sindikukumbuka kanthu."

"Merle!"

"Sindikukumbuka." Anatembenukira kwa ine. "Mayi awa ndi ndani?"

Ankaloza ine.

Ardis anayamba kulira, foni ili kale kukhutu. Ine ndinali nditamuvula pamaso pa anthu kuti ndimupulumutse, ndipo iye anasankha kumira.

Mayi Ofelia anamuyang'anabe kanthawi. Kenako anaitana mwana wawo. "Ramiro, bweretsa zigubu."

"Amayi, madziwo ndi otsukira manda."

"Ndati bweretsa."

Anapatsira Ardis maluwa kuti awagwirire. Anapinda manja a juzi lawo. Anauza Ramiro kuti amudzutse Merle n'kumukhazika pampando wopinda. Ndiyeno mayi wokalambayo, amene amayi ake tinawathira zonyansa, anagwira manja a mwamuna wanga n'kuyamba kuwasambitsa. Chala chimodzichimodzi. M'zikhadabo, m'mabala, mpaka m'zigongono. Ramiro ankathira, iwo akupikicha. Atamaliza anavula shawelo yawo n'kumufunditsa.

Merle ankanjenjemera thupi lonse. Ena ankati ndi chisanu.

Tsiku limenelo mbalame zinanyamuka popanda ife. Tinazimva zikudutsa pamwamba pathu, phokoso lokhalokha, koma palibe anakweza mutu. Lyle ndi Ramiro anakumba dothi lonse lodetsedwalo ndi mafosholo, kukalitaya kutali, n'kubweretsa mchenga woyera wa mumtsinje wouma. Ine ndinakhoma mtanda uja, ndinapaka laimu pamiyala. Palibe anandiuza kuti nditero, palibenso anandithokoza. Madzulo ake Lyle ndi amene anatulutsa galimoto yathu kumandako. Makiyi sanabwererenso kwa Merle.

Nkhani m'chipululu imayenda kuposa galimoto. Tisanafike n'komwe kwathu, inali itazungulira misasa yonse. Ena amati nkhalamba ya ku Dakota inasokonezeka mutu n'kuyamba kufukula manda usiku. Ena, akatsitsa mawu, amati kuseri kwa mgodi uja osagonako, kuli mayi amene amatsegula mipopi yokiya, ndipo amene wamuona amasiya nzeru zake komweko. Ndamva kuti mpanda anaukonza.

Tikukhala kwa Renae, m'chipinda chapansi. Kazenera kake kali m'mwamba, ndipo chipale chikagwa kamatsekeka. Galimoto inagulitsidwa. Madokotala anamuyeza Merle n'kunena kuti kuiwala kwake ndi kwapang'ono, kwa msinkhu wake, sakumvetsa chimene chinachitika ku Arizona. Iye akafunsidwa amangoti sakukumbuka. Dzina langa anayambanso kulitchula, koma pamaso pa Renae amachita dala kufunsa kuti lero ndi lachingati.

Kwa nthawi yaitali sindinkamulankhula za usikuwo. Mkwiyo ndi manyazi zinkandiletsa. Koma tsiku lina masana, Renae ali kuntchito, ndinamupeza atakhala pabedi, manja ali pamaondo, akungowayang'ana.

"Merle, ukukumbuka zonse, eti?"

Anapitiriza kuyang'ana manja akewo.

"Tili awiri. Ndiuze. Ukanangovomera, bwenzi pano tili panjira."

Analankhula, osandiyang'ana.

"Mayi uja ankadziwa kuti ndikunama, Verna. Anandiyang'ana m'maso, anadziwa. Koma anandisambitsabe."